Vinyo amene achemwali ankafuna kutaya ndiye tasunga

Mwezi wa Julayi chaka chino achemwali anga a ku Tsangano adandiimbira foni m'mamawa, chisanu chisadachoke pa udzu. "Achimwene, mubwere mudzandilawire vinyo. Paja inu mudakhalitsa ku Joni kwa eni ake a zinthuzi." Ndidaseka, koma mawu awo adalibe nthabwala, choncho Loweruka lake ndidakwera minibasi paboma, n'kutsikira pa Tsangano Turn Off.

Nkhani yake idali yotere. Alamu adatisiya zaka zinayi zapitazo, ndipo achemwali amadalira kachewere, kabichi ndi vinyo wa zipatso amene adaphunzira kupanga kugulu lawo la amayi. Adali ndi zigubu zitatu za malita 20: cha mapulamu a Disembala, cha jambula wa Febuluwale, ndi cha chidede cha Meyi. Mwana wawo wamkazi akukwatiwa Seputembala wa chaka chamawa, ndipo iwo ankafuna vinyo wa pa ukwatiwo adzakhale wa manja awo. Koma chitsirizira chawo chinkayembekezera fizi ya Fomu 3. Chigubu china chidayenera kugulitsidwa msanga, china kusungidwa miyezi 14. Akasunga cholakwika, fizi yapita, ndipo pa ukwati adzagawira alendo viniga. Ine mwinimbumba manyaziwo adzandigweranso.

Ndidagwira ntchito zaka 9, kuchokera 2009 mpaka 2018, pafamu ina ya mphesa kufupi ndi Paarl ku Western Cape. Ndidayambira kumunda, kuthyola mphesa padzuwa la Febuluwale, kenaka adandilowetsa m'nyumba yofululira kukatsuka migolo yamatabwa ya malita 225. Kumeneko vinyo ndi mwambo wakale: mphesa zoyamba adazifinya ku Cape mu 1659, ndipo mtundu wawo wonyadira wa Pinotage adaupanga Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925, pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Mkulu wofulula ataona kuti ndimafunsafunsa, adayamba kundipatsa tambula akamalawa vinyo wa m'migolo. Kumeneko ndiko ndidaphunzira kuti kulawa vinyo wosakhwima sikufunsa kuti "kodi akukoma?" koma kuti "kodi adzakhala wotani?"

Ambiri kuno timakhulupirira kuti vinyo aliyense akamakalamba ndiye amakoma. Si zoona. Vinyo wochuluka wa m'sitolo amapangidwa kuti amwedwe m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Ngakhale woti angathe kukhalitsa amafa mukamusunga molakwika. Ine ndemwe ndidabwera ndi botolo la Cabernet Sauvignon wa 2015, ndidaliika pakabati kuti alendo aziliona, m'nyumba yamalata kuchikamwini kwanga kuchigwa cha Bwanje. Patatha zaka zitatu ndidalitsekula pamaso pa apongozi. Adatuluka wofiirira ngati tiyi, akununkha ngati jamu wopserera. Kutentha kwa Okutobala kudamuphika ali m'botolo momwemo.

Kwa achemwali ndidafotokoza ndi mafuwa. Mphika sukhala pa mafuwa awiri. Vinyo woti asungike amafunika zinthu zitatu zolingana. Fuwa loyamba ndi tanini, chinthu chija chimaumitsa m'kamwa mukaluma nthochi yosapsa kapena mukamwa tiyi wopanda mkaka amene masamba akhalitsamo. Chimachokera m'makoko ndi m'njere za chipatso, ndipo chimateteza vinyo ku mpweya. Pakapita nthawi chimafewa, china n'kudikha pansi pa botolo. Fuwa lachiwiri ndi asidi, kuwawasa kwabwino kuja kodzetsa malovu, komwe kumalepheretsa tizilombo toononga kuswana. Lachitatu ndi kukoma kwa chipatso chenicheni, ndipo kuyenera kukhala kochuluka, chifukwa n'komwe kumayamba kuzilala. Chipatso chikatha tanini asadafewe, mwasunga madzi owawa. Mphika wokhala pamwamba pa mafuwawo ndi ukali wa mowa: vinyo wofiira wa mphesa nthawi zambiri amakhala pa maperesenti 12 mpaka 14, ndipo wofooka kwambiri sachedwa kusasa.

Tidakhala pakhonde cha m'ma 10 koloko, tisadadye chilichonse cha tsabola. Ndidapempha matambula atatu agalasi otsukidwa bwino osanunkha sopo, mbale yoyera, madzi akumwa ndi kachitini. Atsibweni athu, amene adabwera atamva mphekesera ya dyonkho, adafunsa ntchito ya kachitiniko. Nditawauza kuti n'kolavuliramo, adagwira pakamwa. "Mphwanga, ku Joni adakulodza? Mngoni kulavula mowa?" Ndidawayankha kuti wolawa akameza, pofika chigubu chachitatu zonse zimakoma. Iwo adati alawa mwa chikwathu, ndipo adasungadi mawu awo.

Tidayamba ndi chidede. Ndidapendeketsa tambula pamwamba pa mbale yoyera ija. Mtundu wake udali wokongola, wofiira mowala, koma woonekera mkati moti ndinkaona zala zanga kuseri. Fungo lidali labwino, loyera. M'kamwa asidi adalipo wambiri, koma tanini wochepa, ndipo nditalavula n'kuyamba kuwerenga chamumtima, kukoma kudazimirira ndisadafike pa 5. Ndidafunsa shuga amene adathira. Adati makilo atatu. Pamafunika magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita iliyonse kuti yisiti apange peresenti imodzi ya mowa, ndipo chidede pachokha chilibe shuga weniweni. Ndiye kuti vinyoyu adali cha pa maperesenti 9 basi. Ndidati, "Uyu ndi wabwino lero, ndipo ubwino wake wonse ndi womwewu. Kufiira kumeneku kudzasanduka kwa njerwa ukwati usadafike. Gulitsani."

Achemwali sadatsutse, chifukwa mtima wawo udali pa mapulamu. Ameneyu ndiye anzawo onse akugulu adamuyamikira, ndipo nditanyamula chigubu ndidazindikira kuti kuyamikirako kudali kochita kumwa: mudatsala malita ngati 12. Pamwamba pa vinyoyo padayandama kakhungu koyererako. Ndisadalawe n'komwe, mphuno idandiuza. Pansi pa fungo la mapulamu padali kafungo kobaya, ngati viniga wosakaniza ndi mankhwala ofufutira utoto wa zikhadabo. M'kamwa adali wotsekemera, chifukwa adaonjezeramo shuga atamaliza kuwira, ndipo shugayo ndiye ankabisa chilonda. Chikomekome cha mkuyu.

Chomwe chidachitika n'chodziwika kuyambira nthawi ya Louis Pasteur, amene adalemba za matenda a vinyo mu 1866. Chigubu chikakhala chosadzaza, mpweya umalowa, ndipo pali tizilombo tomwe timagwiritsa ntchito mpweyawo kusandutsa mowa kukhala viniga. Ulendowu ukayamba subwerera. Ndidazengereza, chifukwa achemwali ankandiyang'ana ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Koma ndidanena.

"Achemwali, uyu sangafike ukwati. Ngakhale Khirisimasi safika."

"Aaa, achimwene! Aliyense amene walawa akuti ngati wa m'sitolo."

"Nunkhizani musadamwe. Tsekani maso."

Adanunkhiza kawiri, n'kuika tambula pansi osayankhula. Atsibweni adati iwo sakumva vuto lililonse, koma umboni wawo panthawiyo udali utayamba kufooka.

Chigubu cha jambula sankafuna n'kuchitulutsa komwe. Chidali kuseri kwa matumba a mbewu, chodzaza mpaka kukhosi, chifukwa onse amene adalawa mu Epulo adakwinya nkhope n'kuchisiya. Adali atagwirizana kale ndi mayi wina wotcheza kachasu kuti adzachitenge pamtengo wozizira. Nditathira m'tambula, zala zanga kuseri sizidaoneke. Adali wakuda bii, m'mphepete mwake muli mtundu uja umatsala palilime la mwana wodya jambula. Fungo lidali lobisika poyamba, koma nditazunguza tambula kangapo lidatuluka: jambula wakupsa, kafungo ka dothi lonyowa, popanda chobaya mphuno. M'kamwa adandigwira nkhama ndi lilime ngati ndatafuna khungwa. Koma kuseri kwa kuumitsako malovu ankabwera, chipatso chidalipo chambiri, ndipo nditalavula ndidawerenga mpaka 20 kukoma kukadalipo. Shuga adathira makilo anayi, kuonjezera wa m'chipatso momwe, ndiye kuti ukali udapitirira pang'ono maperesenti 12. Mafuwa onse atatu adali pamalo pake.

"Wa ukwati ndi uyu," ndidatero.

"Amene akumanga pakamwayu? Mukufuna akuchimuna adzati tawapatsa mankhwala azitsamba?"

Sindidafune kuti angondikhulupirira chifukwa ndidapita ku Joni. Ndidawaonetsa njira yomwe aliyense angayese kunyumba. Tidathira vinyo wa chigubu chilichonse m'kabotolo mpaka theka, tidatseka, n'kusiya m'nyumba. Mpweya wa m'botolo losadzaza umachita m'masiku ochepa zina mwa zomwe nthawi imachita pang'onopang'ono. Si muyeso wosaphonya, koma umalozera njira. Ndidagona komweko masiku awiri. Lolemba m'mawa chidede chidali chitayamba kuzizira kukoma, mapulamu adasasa moti ngakhale atsibweni adavomereza, koma jambula adafewako ndipo fungo lake lidakula. Achemwali adalawa, adakhala chete, kenaka adatuma mwana kukauza mayi wa kachasu uja kuti pepani.

Ntchito idatsala idali yosunga. Zigubu zapulasitiki zimalowetsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo zomwe mudali mafuta ophikira zimasiya fungo. Tidasonkhanitsa mabotolo agalasi akuda a mamililita 750, tidawatsuka n'kuwawiritsa. Tidakoka vinyo ndi kapaipi koonekera mkati, mosamala kuti nsenga za pansi zisavunduke, n'kuthiramo mankhwala otetezera vinyo a metabisulphite pamuyeso wolembedwa papaketi. Botolo lililonse tidalidzaza mpaka kukhosi. Adakwana 25. Vinyo amasungika bwino pamalo amdima, ozizira cha pa madigiri 12 mpaka 14, ndipo chomwe amadana nacho kwambiri ndi kutentha masana n'kuzizira usiku. Apa anthu a ku Tsangano, Lizulu ndi madera ena a m'mapiri a Kirk Range ali ndi mwayi umene ife a ku Bwanje tilibe. Tidakumba kadzenje m'chipinda cham'kati cha nyumba yaudzu, tidayalamo mchenga, n'kuikamo mabotolo. Otseka ndi chotsekera chofewa cha khungwa tidawagoneka kuti chisaume. Achitsekerero chopotokola tidawaimika.

Chidede chidagulitsidwa kudzera kugulu lawo, lomwe lili ndi chiphaso, ndipo fizi idakwana, ngakhale ya yunifolomu ndidaonjezera ndine. Mapulamu tidawasiya chivundukulire, titaphimba ndi kansalu koyera, kuti amalize ulendo wawo. Adasanduka viniga wabwino ndipo anyamata a chiwaya adagula yense.

Ndalemba izi chifukwa amayi ndi achinyamata opanga vinyo wa zipatso akuchuluka m'boma lathu, ndipo zipatso zomwe zimaolera pansi nthawi ya mapichesi ndi mapulamu tonse timaziona. Kuti ntchitoyi ingathe kukula, kampani ya Linga ku Lilongwe, ya banja la a Ngwira, idaonetsa kale: vinyo wake wa jambula, mapulamu, chidede ndi mabulosi amagulitsidwa m'mabotolo olembedwa bwino. Wofuna kufika m'masitolo ayenera kudzera ku Malawi Bureau of Standards. Koma chiphaso chisadabwere, pali zomwe mphuno ndi lilime lanu zingakuuzeni kwaulere. Nunkhizani musadamwe. Musanyengeke ndi kutsekemera. Chigubu mukachiyamba, otsalayo muthireni m'chotengera chaching'ono kuti chidzaze. Ndipo vinyo wosakhwima akakuumitsani m'kamwa, musathamangire kumutaya. Funsani ngati kuseri kwake kuli chipatso ndi kuwawasa kokwanira kudikira.

Ndisanamenso, jambula si Cabernet Sauvignon. Sindidalonjeze achemwali zaka 10. Ndidati chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ndikhoza kulakwa. N'chifukwa chake pa mabotolo 25 aja tidapatula anayi oti tizitsekula limodzi pakatha miyezi itatu iliyonse. Tikadzaona kuti chipatso chayamba kuthawa tanini asadagonje, sitidzadikira ukwati. Tidzagulitsa, n'kufulula masese ngati makolo athu.

Loyamba tidatsekula kumapeto kwa Okutobala. Mtundu udakali wakuda, pansi pa botolo padadikha kansenga kochepa, ndipo kuumitsa kuja kwayamba kubwerera m'mbuyo. Achemwali adazunguza tambula, adanunkhiza nthawi yaitali, adalawa, kenaka adayang'anayang'ana pansi. Ndidazindikira kuti akufuna kachitini. Atsibweni adapukusa mutu n'kunena kuti matenda a ku Joni alowa m'mbumba yonse. Lachiwiri tidzatsekula mu Januwale.