Galimoto Yakale Ikamavuta Kulira M'maŵa

Miyezi ya June ndi July kuno ku Blantyre kumazizira. Chiperoni chikabwera, phiri la Ndirande silioneka n'komwe. Ndi nthaŵi imeneyi pamene mumaona anthu akukankha galimoto m'maŵa ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa. Eni ake amati batire yatha. Koma nthaŵi zina batire ilibe mlandu. Vuto limakhala pa kachipangizo kakang'ono kotchedwa choke.

Pano tikunena za magalimoto akale okhala ndi kabuleta, monga Datsun, Land Rover, Ford Cortina ndi Volkswagen Beetle. Magalimoto a masiku ano alibe choke, poti kompyuta ndiyo imayeza petulo.

Kabuleta imasakaniza petulo ndi mpweya. Injini ikazizira, petulo sasakanikirana bwino ndi mpweya, amangomata m'mbali mwa paipi. Tsono injini imafuna petulo wambiri kuti ilire. Choke ndi kachitseko kamene kali pakamwa pa kabuleta. Kakatseka, mpweya umachepa, petulo amachuluka, injini n'kulira. Injini ikatentha, kachitsekoko kayenera kutseguka konse. Kakapanda kutseguka, galimoto imatulutsa utsi wakuda, mapulagi amada, ndipo petulo amatha ngati thanki yabooka. Ndi mmene petulo wadulira, imeneyo ndi ndalama ya ufa wa ana.

Musathamangire kogula. Yambani mwadziŵa mtundu wa choke yanu. Tsegulani boneti injini ili yozizira, chotsani chosefera mpweya, muyang'ane m'mbali mwa kabuleta.

Kodi mukuona waya wolimba wonga wa mabuleki a njinga, wochokera pa kabatani kokoka pafupi ndi chiwongolero? Imeneyo ndi choke ya pamanja. Mumakoka nokha, mumabwezera nokha. Yotere mudzaipeza pa Land Rover zakale ndi pa kalole kaja ka Nissan 1400, kamene ku South Africa anasiya kupanga mu 2008. Iyi sivuta. Kaŵirikaŵiri waya ndiye amaduka kapena kuchita dzimbiri.

Zina zimatseguka zokha. Izi zili ndi kachitini kozungulira m'mbali mwa kabuleta. M'kati mwake muli sipiringi yopota, yopangidwa ndi zitsulo ziŵiri zomatana. Ikatentha imapindika pang'onopang'ono n'kutsegula kachitseko kaja. Kusiyana kwake n'kumene kutenthako kukuchokera. Choncho onetsetsani chimene chaloŵa m'kachitinimo. Mukaona waya mmodzi wa magetsi, choke yanu ndi ya magetsi. Pa Beetle wayayo amachokera ku koilo. Mukaona mapaipi aŵiri a labala, imatenthedwa ndi madzi a injini, monga pa Cortina zambiri. Mukaona kapaipi kachitsulo kopita ku ekizozi, imatenthedwa ndi mpweya wotentha.

Tsopano funani dzina ndi nambala ya kabuleta. Pukutani ndi kansanza, muŵerenge. Mayina odziŵika ndi Solex, Weber, Zenith ndi Hitachi. Apa ndi pamene sukulu ya kwacha imakupulumutsirani ndalama, chifukwa chilembo chimodzi chimasintha zonse. Taonani kabuleta ya Weber 32/36. Ikalembedwa DGV, choke yake ndi ya pamanja. DGAV ndi ya madzi. DGEV ndi ya magetsi. Pongoyang'ana zimafanana, koma zipangizo za choke n'zosiyana. Lembani nambalayo papepala, kapena ijambuleni pa foni.

Popita ku msika wa Ndirande kapena m'masitolo a zipangizo za galimoto ku Limbe, tengani chakufacho m'thumba. Musangoti, "Ndikufuna choke ya Datsun." Ma Datsun alipo ambiri, ndiponso galimoto yakale yadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Mwina kabuleta ili pamenepoyo si imene inabwera nayo. Gulani motsata kabuleta, osati motsata dzina la galimoto.

Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Achimwene, iyi ikwana basi." Inu ikani ziŵirizo pamodzi. Kodi mabowo a zomangira akugwirizana? Kodi sipiringi yapotera mbali yomweyo? Ikapotera kwina, idzatseka pamene iyenera kutsegula. Ya magetsi muone ngati ndi ya 12 volts, popeza Beetle zakale kwambiri zinali za 6 volts. Pemphani aiyese pa batire muli pomwepo. Ikapanda kufunda, isiyeni. Ya madzi muisuzumire m'kati. Zambiri zochotsedwa pa magalimoto akufa zinadyeka kale ndi dzimbiri. Mugwirizanenso kuti ikakana mudzabweza.

Nanga ikasoŵa? Musataye mtima. Makaniko wodziŵa ntchito angathe kuchotsa kachitini kaja n'kuika waya wokoka pamanja. Kunena zoona, pa galimoto ya zaka 40 ine ndimakonda njira imeneyi. Ndi yotchipa, ndipo ikawonongeka mumaona ndi maso. Chofunika n'kukumbukira kubwezera kabatani injini ikatentha. Ena amangomanga kachitsekoko ndi waya kuti kakhale kotsegula mpaka kalekale. Mu October zimayenda bwino. June akafika, ndi aja mumawaona akuitana ana kuti akankhe.

Mukamanga, muyese m'maŵa mwake injini isanalire. Ngati choke ndi yotseguka yokha, pondani moto kamodzi, ndipo kachitseko katseke. Lizani injini. Pakapita mphindi zingapo, kachitsekoko kaimirire chilili. Koma musasuzumire m'kabuleta wina akuliza injini, chifukwa nthaŵi zina imalavula moto. Fodya musute mukamaliza.