Pewani pa Gombe la Mbenji

Kale, m'midzi yoyang'anana ndi chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, nyuzipepala sinkafika tsiku lomwe yasindikizidwa. Inkabwera mochedwa ndi ogula utaka ochokera m'tauni, nthawi zina itakwinyika ndiponso ikununkha nsomba. Komabe ana ankaiwongola mosamala pamchenga. Nkhani za boma analibe nazo ntchito. Iwo ankafuna Pewani basi.

Pewaniyu anali munthu wongojambula, wobadwa m'cholembera cha malemu Brian Hara m'nyuzipepala ya Malawi News. Kumbukirani, omvera, kuti wailesi ya kanema inayamba mu 1999 m'dziko muno. Isanayambe, mwana wa kugombe analibe kwina koonera zithunzi zoseketsa. Ngakhale amene sanali kudziwa kuwerenga ankaitsata nkhaniyo, pakuti nkhope ndi maimidwe a Pewani zinkalankhula zokha.

Ntchitoyi sinali yamasewera ayi. Lamulo la 1968 lounika zofalitsa linali tcheru, ndipo wojambula ankayenera kuseketsa mtundu wonse popanda kuputa akuluakulu a boma. A Hara ankatero ndithu, sabata ndi sabata.