Mpweya Umene Masamba a ku Amazon Amauzira Kumwamba

Aliyense wa ife amene anafikisapo tsamba la bulugamu kapena la ndimu m'manja amalidziwa fungo lotsalira m'zala. Fungolo limachokera ku mafuta amene tsamba limasunga m'timatumba take, ndipo akatswiri amawatcha ma terpene. Komatu m'nkhalango yowirira ya Amazon, ku South America, mitengo yambiri imatulutsanso mpweya wina wotchedwa isoprene, umene susungidwa konse. Tsamba limaupanga pomwepo dzuwa likaswa mtengo, n'kuutaya nthawi yomweyo. Zomera za padziko lonse zimatulutsa matani pafupifupi 500 miliyoni a mpweyawu pachaka, ndipo wochuluka umachokera m'madera otentha.

Chodabwitsa n'chakuti mitengo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana kotheratu: wina kutulutsa wambiri, mnzake osatulutsa n'komwe. Ngakhale mumtengo umodzi masamba sachita zofanana. Lanthete limatulutsa pang'ono chabe, lokhwima ndilo mwini ntchito, ndipo lokalamba limayamba kufooka. Lapansonga, lopsa ndi dzuwa tsiku lonse, limaposa lamumthunzi. Popeza mitengo yambiri ya pakati pa Amazon imaphuka masamba atsopano m'chilimwe, mpweya wa pamwamba pa nkhalangoyo umasintha ndi nyengo.

Nanga mtengo uwonongeranji chakudya chimene wachivutikira? Kafukufuku wasonyeza kuti isoprene amathandiza tsamba kupirira kutentha koopsa. Sikusakaza ayi, ndi chishango.

Dziko la Brazil ndi la Germany anamanga nsanja ya ATTO, yotalika mamita 325, pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzinda wa Manaus. Inatsegulidwa mu 2015, ndipo imayeza mpweya woterewu usana ndi usiku. Mu 2024 ofufuza amene anauluka pandege pamwamba pa nkhalangoyi analengeza kuti mvula yamabingu ya usiku imakweza isoprene kutali mumlengalenga. Kukacha, dzuwa limamusandutsa tinthu tosaoneka ndi maso, timene tikakula timakhala poyambira madontho a mitambo.

Apa ndiye pagona nkhawa. Chilala cha 2023 chinaphwetsa mtsinje wa Rio Negro ku Manaus kuposa kale lonse, ndipo cha 2024 chinauphwetsa koposerapo. Zilala zikamabwerezabwereza, mitundu ina ya mitengo idzafa, ina idzatsala, ndipo masamba a yotsalayo ndiwo adzakhale akuuzira mpweya kumitambo ya Amazon.