KUŴEDZA MUSKY M'NYENGO YACHISANU

M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene ife kuno ku Malaŵi tili kalikiliki kupalira ndi kubandira chimanga, anzathu a ku North America amakhala ali pakati pa nyengo yachisanu. Chisanu cha kumeneko sitingachiyerekeze ndi cha mwezi wa Juni ku Dedza kapena ku Mzimba. Mitengo yambiri imayoyola masamba onse nkumaoneka ngati youma. Dzuŵa limatuluka mochedwa ndi kuloŵa msanga, ndipo madzi a m'nyanja zina amaundana pamwamba mpaka kulimba gwa, kotero kuti munthu amatha kuyendapo. Komabe m'masiku otereŵa alipo anthu ena amene amalaŵira m'mamaŵa, kukwera bwato aŵiriaŵiri, ndi kutandala pamadzi tsiku lonse akufunafuna nsomba ya mtundu umodzi wokha.

Nsomba imeneyi dzina lake ndi muskellunge. Dzinali lidachokera ku chilankhulo cha anthu a mtundu wa Ojibwe, amene adali kukhala m'dzikomo Azungu asanafike. Popeza dzinali ndi lalitali, asodzi adalidula nkumangoti musky, ndipo potchula limamveka ngati "masiki".

Musky imakhala m'madzi opanda mchere. Imapezeka m'nyanja zikuluzikulu za pamalire a United States ndi Canada, mu mtsinje wa St. Lawrence, m'nyanja zing'onozing'ono za ku Wisconsin, Minnesota ndi Ontario, ndiponso m'mitsinje yothira mu mtsinje wa Ohio. Amene adaonapo ncheni ya m'nyanja yathu sangavutike kuiganizira, pakuti nayonso ili ndi thupi lalitali ndi mano akuthwa. Koma musky imaposa ncheni kutalitali. Zambiri zimatalika mita imodzi, zina kupitirira pamenepo, ndipo kamwa yake ndi yaphanthiphanthi ngati mlomo wa bakha. Imabisala m'udzu wa m'madzi kapena pansi pa mtengo wogwa, ili phee ngati chikuni, kenaka imatumpha ngati muvi nkugwira nsomba inzake, chule, kapena mwana wa bakha.

M'chaka cha 1949 msodzi wina, Cal Johnson, adakola musky yolemera makilogalamu oposa 30 m'nyanja ya Lac Courte Oreilles, pafupi ndi tauni ya Hayward ku Wisconsin. Patapita miyezi itatu Louis Spray adabwera ndi ina yochokera ku Chippewa Flowage, ndipo adati inali yolemera kuposa ya Johnson ndi kilogalamu imodzi. Mpaka lero asodzi amatsutsanabe za nsomba ziŵirizi. Anthu a ku Wisconsin amainyadira kwambiri musky. M'chaka cha 1955 adaisankha kukhala nsomba yoimira dera lao, ndipo ku Hayward adamanga chifanizo chake chotalika mamita 44. Alendo amakwera makwerero a m'mimba mwake nkukasuzumira kunja ataima m'kamwa.

Kutchuka kwa musky kwagona pa kuvuta kwake. Nsombazi zimakhala zochepa m'nyanja iliyonse, monga momwe mikango imachepera poyerekeza ndi mbaŵala, chifukwa nyama yodya zinzake imafuna malo aakulu osakamo. Ndi zochenjeranso. Nchifukwa chake asodzi adaipatsa dzina lakuti nsomba ya maulendo 10,000, kutanthauza kuti munthu amaponya mbedza kambirimbiri asanakole ngakhale imodzi. Chiŵerengerochi ndi chongokokomeza, palibe adakhala pansi kuŵerenga. Koma nzoona kuti msodzi waluso amatha masiku angapo osagwira kanthu, ngakhale m'nyengo yabwino.

Nanga m'chisanu zimakhala bwanji? Thupi la nsomba silifunda lokha monga lathu. Madzi akazizira nalonso limazizira, ndipo zonse za m'kati mwake zimayenda pang'onopang'ono. Chakudya chimene chikadagayika msanga m'madzi ofunda chimakhalitsa m'mimba masiku angapo. Tsono musky yokhuta imatsikira m'dziŵe lakuya, momwe madzi sathamanga, nkungokhala duu. Mwina pa tsiku lonse imafuna kudya kanthaŵi kochepa chabe, ndipo msodzi sadziŵa kuti kanthaŵiko kafika liti.

Kumpoto kwenikweni nyanja zimaundana, ndiponso m'madera ena malamulo amaletsa kuŵedza musky m'nyengo imeneyi. Ku Minnesota amatseka kuchiyambi kwa Disembala, kudzatsekula mu Juni. Choncho ofuna musky m'chisanu amapita chakumwera, kumene madzi saundana kaŵirikaŵiri, monga ku mitsinje ya New River ndi James River ku Virginia, ku nyanja ya Cave Run ku Kentucky, ndi ku mtsinje wa Collins ku Tennessee. Chimene chimaŵakokera kumeneko nchakuti nthaŵi imeneyi nsomba zazikazi, zimene zimakula kuposa zazimuna, zimakhala zonenepa ndiponso zonyamula mazira oti zidzaikire chisanu chikatha. Amene akufuna musky yolemera kuposa zonse zimene adagwirapo amayenera kupirira kuzizira.

Zida zake nzolemera. Ndodo yoŵedzera imatalika mamita oposa aŵiri, ndipo m'munsi mwake muli kagudumu kokulungira chingwe. Nyambo kaŵirikaŵiri imakhala yosema kuchokera ku mtengo kapena youmba ndi mphira, yofanana ndi nsomba, yotalika ngati phazi la munthu wamkulu. Pakati pa nyambo ndi chingwe amaikapo waya kapena chingwe china cholimba kwambiri, kuwopa mano aja. Msodzi amaponya nyamboyo patali, nkumaikoka pang'onopang'ono, kuimitsa, kukokanso, kuti ioneke ngati nsomba yodwala yosavuta kugwira. Madontho a madzi obwera ndi chingwe amaundana m'timphete ta pandodo mpaka chingwecho kukanika kuyenda, ndipo msodzi amaviika ndodoyo m'madzi kuti asungunuke. Zala zimachita dzanzi. Mapewa amaŵaŵa.

Musky ili ndi khalidwe lina lopsetsa mtima. Imatsatira nyambo kuchokera patali mpaka pa bwato penipeni, osaluma, ikungoiyang'ana. Chifukwa cha ichi msodzi satulutsa nyambo m'madzi msanga. Ikafika pafupi amamiza nsonga ya ndodo nkuizunguza molemba nambala 8, mwina nsombayo nkupsa mtima nkuluma. Ayenera kuchita zimenezi nthaŵi iliyonse akaponya, kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Akatopa nkuleka kamodzi kokha, mwina ulendo umenewo ndi umene nsomba inali m'mbuyo.

Taganizani tsono anthu aŵiri ali m'kabwato kamodzi maora asanu ndi atatu, mphepo ikuŵalasa kumaso, nsomba osaoneka. Akadakhala chete, mitima ikadagwa dzuŵa lisanafike pamutu. Chimene amachita ndi kusereulana. Kwathu kuno asuweni amanenana mau oti mlendo atamva angaganize kuti ndeu ili pafupi, chonsecho onse akuseka. Asodzi a musky nawonso amatero, ndipo tsiku likamaipiraipira nthabwala zimachulukirachulukira.

Zoyambira nthabwala sizisoŵa. Munthu akaponya molakwika ndi zala zadzanzi, chingwe chimapotana pa kagudumu kaja nkupanga chimfundo chimene asodzi amachitcha chisa cha mbalame. Mwini wake ali jijirijijiri kumasula, mnzake amayang'ana mwachifatse nkunena kuti, "Bwanawe, chisachi wamanga bwino. Nanga mbalame yake ibwera liti kudzaikira?" Nyambo ikakodwa m'nthambi za mtengo wa m'mbali mwa mtsinje, funso lake limakhala lakuti, "Kodi tadzera nsomba kapena agologolo?" Wokhala kutsogolo kwa bwato ndiye amayamba kuponya pa malo alionse atsopano, tsono wakumbuyo amadandaula tsiku lonse kuti akumdyetsa makombo. Wakutsogoloyo amayankha kuti ngakhale atamsiyira mtsinje wonse, nsomba zikadathaŵabe poona chipeŵa chakecho.

Palinso nkhani ya nthochi. Asodzi ambiri a ku America amati nthochi m'bwato zimabweretsa tsoka. Ochepa okha ndiwo amakhulupirira ndi mtima wonse, koma nsomba zikakana kudya, wina amayamba kufufuza m'thumba la kamba la mnzake, ndipo akapezamo nthochi, mlandu wa tsiku lonselo wapeza mwini.

Nthabwala yokoma kuposa zonse ndi ya nsomba imene idangotsatira nyambo nkubwerera. Popeza palibe adaiyeza, imakula m'kamwa mwa amene adaiona. M'maŵa inali yotalika ngati mkono. Pofika masana yafanana ndi nkhafi. Madzulo ili ngati bwato lomwelo. Mnzake uja amangovomera, nkuwonjeza kuti iye adaiona bwinobwino, inali ndi makungwa ndi nthambi ziŵiri. Ndipo akabwerera kumtunda chimanjamanja, pa Chingerezi amati akumana ndi skunk, kanyama konunkha kofanana ndi kanyimbi wathu. Tsono amakangana kuti kanyimbiyo adakwera m'bwato ndi yani.

Tisaganize kuti kusereulanaku kulibe malire. Anthu ozoloŵerana amaseka kaponyedwe, zovala ndi mabodza a kukula kwa nsomba, koma za kunyumba kwa mnzao kapena chilema chake sazikhudza. Mlendo amene wakwera nawo koyamba amamlankhula mwaulemu, ndipo tsiku limene ayamba kumseka ndiye kuti amlandira. Chinanso, munthu akataya nsomba yaikulu imene waidikira masiku ambiri, mnzake wanzeru amayamba wakhala chete. Kuseka kumadzabwera pambuyo pake, mtima utatsika, ndipo kukayamba sikutha zaka.

Macheza ameneŵa ali ndi ntchito ina imene eni ake saitchula kaŵirikaŵiri. Madzi a m'chisanu amapha. Munthu akagweramo, mpweya umamthera nthaŵi yomweyo, ndipo pakapita mphindi ngati khumi manja amaleka kugwira, ngakhale akhale katswiri wosambira. Nchifukwa chake asodzi osamala amavala chovala choyandamitsa munthu, amatenga zovala zina zouma, ndipo sapita okha. Kuzizira kumavulaza ngakhale munthu amene sadagwe m'madzi. Thupi likazizira kopitirira, lilime limalemera, mau samveka bwino, maganizo amasokonezeka, mwini wake osazindikira kanthu. Woyamba kudziŵa amakhala mnzake amene wakhala akucheza naye. Munthu wolongolola akangoti zii, osabweza nthabwala, kapena akayankha zosagwirizana, mnzakeyo amadziŵa kuti yakwana nthaŵi yomumwetsa zotentha ndi kutembenuza bwato.

Tsiku lina, mwina lachitatu kapena lachisanu, ndodo imagwedezeka mwamphamvu. Nthabwala zimathera pomwepo. Mnzake uja amaponya pansi ndodo yake nkutola ukonde waukulu wa chogwirira chachitali. Ntchito yake njovuta, pakuti akafulumira, mbedza zimakodwa kunja kwa ukonde ndipo nsomba imapulumuka. Akachedwa, imapukusa mutu nkulavula nyambo. Ayenera kudikira mpaka mutu wa nsomba utaloza mu ukonde, ndipo apo ndiye amatunga kamodzi. Wogwira ndodo sangachite zimenezi yekha mosavuta. Amadalira munthu yemwe uja wakhala akumunena za chipeŵa kuyambira m'maŵa.

Chotsatira chake chikhoza kutidabwitsa ife amene timaŵedza kuti tipeze ndiwo. Asodzi ambiri a musky saipha. Musky yaikulu ikhoza kukhala ndi zaka 15 kapena kuposerapo, ndipo zotere zikamaphedwa, nyanja imatenga nthaŵi yaitali kuti ikhalenso nazo. Bungwe la asodzi lotchedwa Muskies Inc., limene lidayamba ku Minnesota m'chaka cha 1966, lidalimbikitsa kwambiri mwambo wobwezera nsombazi m'madzi. Tsono nsomba ili mu ukonde, m'madzi momwemo, amaichotsa mbedza ndi chopanira chachitali chachitsulo, ndipo mbedza yokanirira amangoidula. Kenaka mwini nsomba amainyamula chogoneka ndi manja aŵiri, mnzake nkuijambula chithunzi. Zonsezi amachita mofulumira, chifukwa mphepo yozizira ikhoza kuumitsa maso a nsomba ndi ziwalo zake zopumira.

Atatha kuiyeza, amaitsitsira m'madzi ataigwira kumchira mpaka mphamvu zibwerere. Ikapukusa mchira amaitaya, ndipo imamira pang'onopang'ono kubwerera ku dziŵe lake. Wogwira ukonde amapukuta manja, nkuyang'ana chithunzi chija, nkunena kuti nsomba yaoneka bwino ndithu, chaipitsa ndi nkhope ya woinyamulayo.