Za Kusunga Mankhwala a Ululu

Abale, ena a ife kuno ku Area 3 tiri ndi odwala khansa m'nyumba zathu, amene alandira morphine wamadzi ku cipatala ca Kamuzu Central. Mankhwalawa athandiza mwini wace, pakuti dokotala anamyesera muyeso wace. Koma mwana akamwako, kupuma kwace kucepa, nagona tulo tosaukanso. Tithamange naye ku cipatala msanga.

Cifukwa cace tiwatsekere m'bokosi la loko, osawathira m'botolo la zakumwa. Tisagawireko mnansi, angakhale abuula ndi ululu. Iye apite kwa dokotala. Wodwala akatisiya, otsalawo tisataye kudzala kapena mu mtsinje wa Lilongwe, koma tiwabwezere ku cipatala.

Aphunzitsi, muwauze makolo zimenezi.