Nzika yatsopano, mapepala akale: zokonza musanadutse pa Mandimba

MASSANGULO — Munthu wopempha unzika wa Moçambique amadikira nthawi yaitali, ndipo tsiku limene dzina lake latuluka mu Boletim da República, nyuzi ya boma ija, amayesa kuti nkhani yatha. Komatu chimene chatuluka m'nyuzimo ndi chilolezo cha Nduna ya za M'dziko chabe. Ku banki, ku ofesi ya msonkho, ku INSS ndi ku kampani ya lamya munthuyo akadali mlendo wa DIRE, chiphaso cha alendo okhala m'dziko muno, ndipo adzakhalabe mlendo kufikira iye mwini atapita ndi mapepala kukasinthitsa. Wokhala pamudzi akhoza kutha zaka osavutika nazo. Amene amapsa nazo ndi wa paulendo, wopita kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena kukaphunzira ku Portugal.

Nkhaniyi ndi yathu kuno ku Ngauma, Mandimba ndi Cuamba kuposa madera ambiri. Malire a pa Mandimba ndi Chiponde anadula pakati pa abale, ndipo nkhondo itakula anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992 anthu anabwerera, ambiri pakati pa 1993 ndi 1995, koma sanabwere okha. Ena anabwera ndi akazi a ku Mangochi, ena ndi amuna a ku Namwera, ndipo pafupifupi banja lililonse linali ndi mwana wobadwira kutsidya. Ana amenewo lero ndi makolo.

Si onsewa amene ayenera kupempha unzika ngati alendo, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati mwana wa bambo kapena mayi wa ku Moçambique, ngakhale anabadwira kunja, ndi nzika yobadwa nayo ngati iye kapena makolo ake anena pamaso pa boma kuti akufuna kutero. Mayi amene anataya unzika chifukwa chokwatiwa ndi mlendo, monga linkalamulira lamulo la 1975, amangopempha kuti ubwezedwe. Mlendo wokwatira kapena wokwatiwa ndi nzika akhoza kupempha ukwati ukatha zaka 5. Mlendo weniweni ndiye amene amafunika zaka 10 zokhala m'dziko muno, kuposa zaka 18 zakubadwa, kutha kudzisamala, mbiri yabwino, ndi kudziwa Chipwitikizi kapena chilankhulo china cha dziko lino. Chiyao ndi Chinyanja zilimo. Kusiyana kwake n'kwakukulu: wa unzika wochita kupatsidwa sangakhale phungu wa Nyumba ya Malamulo, nduna, kazembe kapena kulowa ntchito ya usilikali, pamene wobadwa nawo njira zonsezi n'zotseguka. Wobadwira mumsasa wa othawa nkhondo asalole kulembedwa pa mzere wa alendo chifukwa choti wina pakauntala wafulumira.

Tsono mapepalawo ali ndi dongosolo lake, ngati kumanga nyumba: denga silitsogola. Choyamba unzika ulembedwe ku Conservatória dos Registos Centrais ku Maputo, kumene kumatuluka kalata yotsimikiza. Ndi kalata imeneyo munthu amapita ku Identificação Civil kukajambulitsa BI. BI ikatuluka ndiye pamabwera pasipoti ya ku SENAMI, ofesi yomweyo imene inkamupatsa DIRE. Wogula tikiti ya basi BI isanatuluke akusewera ndi ndalama zake.

Koma vuto lalikulu kuno kwathu si mzere wa ku ofesi ayi, ndi kalembedwe ka maina. Kalaliki wa ku Malawi anaphunzira kulemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa, wa kuno anaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo dzina limodzi limatuluka pawiri. Saidi wa ku Chiponde akafika pa Mandimba ndi Saíde. Kassimu ndi Cássimo, Mwale ndi Muale, Phiri amataya h wake n'kukhala Piri. Kuwonjezera apo, kalembera wa kuno amakonda kuika dzina la bambo pakati, pamene kutsidya ambiri amangolemba maina awiri, kapena kutenga dzina la agogo kukhala la banja. Pamudzi aliyense amadziwa kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Kompyuta ya pa bwalo la ndege sidziwa zimenezo, ndipo mkulu wa sukulu ku Lisboa akaona setifiketi ya ku Malawi ya Mwale ndi pasipoti ya Muale adzati ndi anthu awiri. Chimodzimodzinso tsiku lobadwa: ambiri obadwa nthawi ya nkhondo anangolotera, pepala lina likuti 1986, lina 1988. Izi zimakonzedwa ku Conservatória, munthu ali pomwepo ndi mboni zake, BI isanasindikizidwe. Ikasindikizidwa ndi cholakwa, cholakwacho chimalowa mu pasipoti, n'kuwoloka nacho malire.

BI ikakhala m'thumba, patsala ulendo wa maofesi ang'onoang'ono umene ambiri amaunyoza. NUIT, nambala ya msonkho, inalembedwa ndi DIRE ndipo iyenera kusinthidwa ku Autoridade Tributária. Ku banki nakonso n'chimodzimodzi, chifukwa chiphaso chimene anatsegulira buku chikatha ntchito banki ikhoza kuimitsa bukulo, ndalama zimene munthu akutumiza kuchokera ku Joni n'kumangokhala, ana akugona ndi njala ku Massangulo. Nambala ya lamya imene ili ndi M-Pesa isaiwalike, ndiponso laisensi yoyendetsera galimoto ku INATRO. Amene anagwirapo ntchito yolembedwa, kaya pa njanji ku Cuamba kaya ku kampani ya fodya, apite ku INSS akaone kuti zaka zimene anapereka zili pa dzina lomwe lili pa BI. Penshoni imafunsidwa pa ukalamba, pamene mabwana akale ndi mboni zonse zatha.

Za munda nazo zimasintha. Pa lamulo la malo la 1997 mlendo amapeza DUAT movutikira, pamene nzika imene yalima malo mwachilungamo kwa zaka 10 imakhala ndi ufulu pa malowo. Wochoka asiye nkhaniyi ili poyera kwa amfumu ndi ku boma, ndipo asiyire m'bale wodalirika procuração yosainidwa kwa notário.

Nanga unzika wa Malawi? Kale munthu wamkulu akatenga unzika wa dziko lina ankataya wa Malawi. Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe inasintha lamulolo mu December 2018 kulola unzika wa maiko awiri, koma amene anautaya kale sumubwerera wokha, amachita kupempha ku Immigration. Mbali ya kuno, malamulo a 2004 amati nzika ya Moçambique ikakhala m'dziko muno imawerengedwa ya Moçambique basi. Choncho wokhala ndi mapasipoti awiri atuluke ndi kulowa pa Mandimba kapena pa Entre Lagos ndi ya kuno.

Ana osakwana zaka 18 ndi osakwatira akhoza kupatsidwa unzika pamodzi ndi kholo lawo, koma ngati maina awo analowa m'pempho. Kholo lione bwino zimenezi lisanachoke, pakuti mwana wotsala wopanda pepala akadzakula adzayamba yekha ulendo wonsewu.

Pasipoti imalola kulowa ku South Africa masiku 30 popanda viza kuyambira 2005, koma imeneyo ndi ya kucheza, si ya ntchito. Wofuna chilolezo cha ntchito kapena cha sukulu adzafunsidwa registo criminal, kalata yoti alibe mlandu, imene imatha ntchito pa miyezi yochepa, choncho itengedwe ulendo utayandikira. Makalata a sukulu ndi a ukwati amafuna chidindo cha Unduna wa za Kunja ku Maputo kuti akavomerezedwe kunja. Akafika, munthu akalembetse ku konsulado ya Moçambique, imene iliko ku Johannesburg ndi ku Blantyre. Pasipoti ikatayika, kaundula ameneyo ndiye amathandiza kupeza kalata yobwerera nayo kumudzi.