Masamu a Calculus ndi Malire a Usodzi ku Chembe

Msodzi aliyense wa ku Chembe, mudzi waukulu uja wa pa Cape Maclear m'boma la Mangochi, adziŵa kuti boti la injini silithamanga mofanana ulendo wonse. Liyamba pang'onopang'ono, kenaka lilimbika, ndipo likakumana ndi mwera liŵiro lake lichepa. Wofuna kudziŵa liŵiro la ulendo wonse wa ku chilumba cha Thumbi angogaŵa mtunda ndi nthaŵi, monga aphunzitsira ku pulayimale. Koma wofuna kudziŵa liŵiro la botilo pa kamphindi kamodzi asoŵa masamu ena, otchedwa calculus. Masamu ameneŵa anawakhazikitsa Isaac Newton wa ku England ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany, aliyense payekha, ndipo Leibniz anasindikiza njira yake mu 1684.

Maziko ake ndi chinthu chotchedwa derivative, ndiko kuti muyeso wa mmene chinthu chimodzi chisinthira pamene china chasuntha pang'ono pokha. Wophunzira ayesa mtunda umene boti layenda pa mphindi imodzi, kenaka pa sekondi imodzi, kenaka pa kachigawo ka sekondi. Pamene nthaŵiyo ikucheperachepera, mayankho ake ayandikira nambala imodzi. Nambala imeneyo ndiyo derivative.

Phindu lake lioneka bwino pofuna kupeza chochuluka koposa. Mwachitsanzo, mayi wogula usipa ali ndi bango lokwana mpanda wa mamita 40, ndipo afuna kutchinga malo oyanikapo nsomba. Mbali imodzi yatchingidwa kale ndi khoma, kotero mpandawo uzungulira mbali zitatu zokha. Akatalikira mamita 5 kuchoka pa khoma, mbali yoyang'anana ndi khomalo ikhala mamita 30, ndipo malo onse akwana masikweya mita 150. Pa mamita 6 malowo afika 168, kutanthauza kuti mita imodzi yaonjezera 18. Kuchoka pa 8 kufika pa 9, mita imodzi ingoonjezera 6. Pa mamita 10 malo akwana 200, koma pa 11 atsika kufika 198. Calculus ifupikitsa ntchito yonseyi. Derivative ya malowo ipezeka pochulukitsa mtunda wochoka pa khoma kanayi ndi kuuchotsa pa 40. Yankho likhala ziro pa mamita 10 penipeni. Pamenepo ndiye pansonga pa phiri: kukwera kwatha, kutsika sikunayambe.

Nzeru yomweyi igwira ntchito pa nsomba za m'nyanja, ndipo apa nkhaniyi ikhudza chakudya cha mabanja ambiri. Mu 1838 Pierre Verhulst wa ku Belgium anaonetsa m'masamu kuti zamoyo zikachepa kwambiri ziswana pang'ono chifukwa makolo ndi ochepa, ndipo zikadzaza malo ziswananso pang'ono chifukwa chakudya chichepa. Mwa masamu ake, chiŵerengero chikula msanga koposa pamene chili pa theka la chimene malowo angasunge. Mu 1954 Milner Schaefer wa ku America anagwiritsa ntchito mfundoyi pa usodzi. Anaonetsa kuti maukonde akamachuluka, nsomba zogwidwa chaka ndi chaka zichuluka poyamba, koma ukonde uliwonse watsopano uonjezera zochepa kuposa unzake wapitawo. Pomaliza ifika nthaŵi imene derivative ikhala ziro. Kupitirira pamenepo, ukonde woonjezera uchepetsa nsomba za onse.

Chovuta n'chakuti msodzi payekha saona malire ameneŵa. Wogula boti latsopano abwerabe ndi nsomba m'maŵa, nayesa kuti wapindula, osadziŵa kuti zina mwa nsombazo zikadagwidwa ndi anzake, ndipo zina ndi makolo a nsomba za chaka chamaŵa. Iye aŵerenga za m'boti lake, pamene derivative iŵerenga kusintha kwa nyanja yonse.

Umboni wake suli patali. M'nyanja ya Malombe, m'boma lomweli la Mangochi, asodzi anagwira chambo choposa matani 8,000 mu 1982. Zida zinachuluka, makamaka makoka a maso aang'ono ogwira ndi ana omwe, ndipo patapita zaka khumi chambo chogwidwa pa chaka sichinafikenso ngakhale matani 1,000. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chifukwa cha zimenezi, mu 1993 Boma linayamba kuyang'anira usodzi wa ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire pamodzi ndi makomiti a asodzi a pa madoko. Malamulo oletsa maukonde a maso aang'ono, ndiponso kutseka nyanja nthaŵi imene chambo chiswana, cholinga chake ndi kubweza usodzi kumbali yabwino ya phiri lija. Anthu a ku Chembe adziŵanso malire a mtundu wina, pakuti mudzi wawo uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 poteteza mbuna ndi nsomba zina za m'miyala.

Komabe nyanja siili ngati mpanda wa bango. Madzi akwera ndi kutsika, mphepo zisintha, ndipo palibe angaŵerenge nsomba imodziimodzi. Masamu apereka yankho loona pokhapokha manambala oloŵamo ali oona. N'chifukwa chake alangizi a za usodzi alemba nsomba zofika pa madoko, ndipo akatswiri a ku Monkey Bay asanthula kaundulayo. Msodzi wobisa chiŵerengero cha nsomba zake asokeretsa muyeso umene ukadamteteza iye mwini.

Mwana wa ku Chembe amene akumana ndi calculus ku sekondale kapena ku yunivesite asayese kuti ndi masamu a kutali. Funso lake ndi lomwe makolo ake afunsa pa gombe: kodi ukonde wina umodzi uonjezera nsomba zingati? Yankho likayandikira ziro, nthaŵi yoleka kuonjezera maukonde yakwana.